A Tipumekaye ndi Maluwa a M'phiri

A Tipumekaye ndi wometa tsitsi. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsapato, muli mpando wozungulira womwe unasiya kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, ndi wailesi yomwe imalankhula pokhapokha ukaimenya khofi. Munthu woima sabata yonse ndi lumo m'manja, Lamlungu ankangofuna chinthu chimodzi, kugona chagada.

Koma anakwatira mayi wosoka, wopeta maluwa pa mapilo ndi pa nsalu za patebulo, ndipo mayiwo sankafuna zotengera maluwa m'mabuku. Mvula ikangoyamba, nthaka itanyowa, ankadzutsa amuna awo kuti akakwere basi yopita kuphiri la m'paki ya boma, akaone maluwa akutchire ndi maso awo.

Dzinali linabadwira komweko. Akangodutsa pageti, thukuta lisanatuluke n'komwe, bamboyo ankayamba kusakasaka mwala wokhalapo. "Mayi, tipume kaye." Pakamlatho, tipume kaye. Pansi pa mtengo uliwonse wa mthunzi, chimodzimodzi. Alonda a pakiyo anamva, dzina n'kukakamira ngati chingamu kunsi kwa nsapato.

"Bambo inu, maluwa sadikira munthu," ankatero akazi awo, ali kale patsogolo.

"Ali ndi miyendo kodi? Athawira kuti?"

Ulendo wina anapumira pa maluwa enieniwo. Anaona kaudzu kofewa m'mbali mwa njira, n'kudziponya pomwepo. Mlonda anabwera akuthamanga, manja ali kumutu: bamboyo anali atakhalira timaluwa tofiirira tomwe gulu la alendo linabwera kudzajambula. A Tipumekaye anadzuka mwaulemu, natulutsa chipeso m'thumba, nayamba kupesa timaluwato kuti tiimenso. Mlondayo anafuna kukalipa, koma phwete linamutsogolera.

Chaka china bondo la mayi linakana. Dokotala ananeneratu kuti za phiri aziiwale. Amuna awo anawapepesa ndi nkhope yachisoni, koma mumtima ankavina. Lamlungu loyamba anagona mpaka dzuwa linafika pamutu. Atadzuka anapeza nyumba ili zii, makina osokera ataphimbidwa, mayi atakhala pawindo ndi singano yopanda ulusi. Lamlungu lachiwiri tulo tinakana kubwera. Lamlungu lachitatu anabwereka foni ya mwana wawo wamkazi, nakakwera basi okha.

Anabwerako madzulo thalauza lili matope okhaokha, napereka foniyo ngati mlenje wopereka nyama. Mayi anatsegula zithunzi. Choyamba chinali chala chachikulu cha amuna awo. Chachiwiri chala chomwecho, kumbuyo kwake kukuoneka kamtambo. Zonse zinali choncho.

"Nanga ili ndi duwa lanji, lokhala ndi chikhadabo?"

"Limaphuka pamwamba penipeni. Inu simunafikeko."

Mayi anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee. Atapeza mpweya anati, "Chabwino, ndiuzeni pakamwa zomwe mwaona."

Apa bamboyo anakhala tsonga. Mayina a maluwa sankawadziwa, choncho anafotokoza mmene akudziwira. Panali lachikasu, lometedwa bwino m'mbali, pamwamba atalisiyira tsumba. Panali loyera la dazi pakati. Panalinso lina la buluu, la ndevu zosapesa, lofunika kulikhazika pampando msanga. Akulankhula choncho, mayi anali atalowetsa kale ulusi pasingano.

Kuyambira pamenepo bamboyo amapita okha chaka chilichonse, ndipo Lolemba lotsatira shopu imatsegulidwa mochedwa, mwini wake akuyenda ngati bakha. Kujambula sanaphunzirebe. Mapilo a mayi amatuluka ndi maluwa odabwitsa, ena ooneka ngati angochoka kumene kometa, ndipo amayi a mumsewu wawo amawalimbirana. Wina akafunsa kuti maluwa otere amamera kuti, wosokayo amaloza amuna awo ndi singano.

"Funsani akatswiriwo. Ine ndimangosoka."