Mbale Yabuluu Imene Ndinakwirira Pachulu

Mbale ija inali yachitsulo, yabuluu, yothetheka mbali imodzi. Inali yanga. Ndiyambe ndanena zimenezo, chifukwa aliyense wokamba nkhaniyi kwathu amati "mbale ya mng'ono wako." Bodza. Anandipatsa ine kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, nditaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Kunsi kwake ndinakandako chilembo choyamba cha dzina langa ndi msomali. Nkhondo itatha, pobwerera kwathu ku Ngauma, ndinaibisa m'malaya, pamimba, ikundiwotcha ulendo wonse pamwamba pa lole.

Tinabwerera anthu anayi: ine, amayi, mng'ono wanga ndi amalume, alongo awo a amayi. Bambo tinawasiya kumanda a kukampu. Ine ndinali ndi zaka khumi, mng'ono wanga zisanu. Pamene panali nyumba yathu tinapeza mtengo wa masuku utamera pakati penipeni, ndipo amayi anauloza n'kunena kuti ndinabadwira pomwepo. Tinadula mitengo, kuzika, kuphoma, kufolera mothamanga mvula ili pakhomo. Mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa losakaniza ndi udzu, ndimakumbukira nyumba imeneyo.

Mng'ono wangayo sankalankhula. Ukamuitana osacheuka, koma belu la njinga likalira kutali ankatseka makutu n'kukuwa ngati wapsa. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa masuku uja, kundandalika njere za mango pamzere. Ukasuntha imodzi, ankamenyetsa mutu pansi. Anthu ankati ndi mfuti za nkhondo zinamusokoneza. Mfuti ziti? Mwanayo anabadwira kukampu, kulira kwa mfuti sanakumvepo. Koma anthu akwathu, pakamwa sipachedwa.

Amalume anali ndi yankho lawo. "Mwana uyu anamuchita. Akatemedwe mphini basi." Ndipo amalume ndiwo anali eni mbumba. Kwathu mawu a mwini mbumba sabwezedwa ndi mlongo wake. Amayi sanabweze, anangopempha. Anamva kutchalitchi kuti ku Cuamba kwabwera dotolo woona ana, ndiye anagwada kuti ayambe apitako kaye.

Anapita awiri, amayi ndi mng'ono wanga, pa lole yodzera ku Mandimba ndi ku Mitande. Ine anandisiya ndizilondera mbewu kumunda kuti nkhwali zisafukule. Masiku asanu ndi limodzi. Atabwera, amayi anandiuza kuti aona sitima, imene kuno timati komboyo, ndipo mng'ono wanga anaima n'kumayang'ana mawilo ake osaphethira. Ndinapsa mtima. Ine amene ndinkajambula komboyo pamchenga tsiku ndi tsiku ndinatsala ndi nkhwali, iye woti sangafotokoze n'komwe zimene waona ndiye anakaiona.

Anabweranso ndi pepala lopinda kanayi, m'chitini cha mkaka. Linali la Chipwitikizi. Ku Malawi ine ndinafika sitandade 3, ndinkawerenga Chichewa bwinobwino, koma kuno anandibweza kalasi yoyamba, pakati pa tiana tamamina, chifukwa Chipwitikizi sindinkachidziwa. Choncho pepalalo linandikanika, ndipo amayi anakaitana aphunzitsi.

Aphunzitsi kubwera pakhomo pathu! Chifukwa cha ine sanabwerepo. Anakhala pachitsa, nsapato zili matope, n'kutambasula pepalalo pabondo. Panali liwu lina limene linawapunthwitsa katatu, autizimu. Kenako anayamba kumasulira pang'onopang'ono. Akuti si ufiti. Si ugonthi. Si tchimo la amayi ake. Anabadwa choncho, ndipo palibe jakisoni wochotsa. Akuti musamumenye, musamumange. Muzimuuza mawu ochepa, n'kumusonyeza chinthucho. Akafuna kanthu muzidikira, apemphe mwa njira yake. Azidya nthawi imodzimodzi, pamalo amodzimodzi, m'mbale imodzimodzi.

Atafika pa mbale imodzimodzi, amayi anatembenuka n'kuyang'ana mbale yanga, imene inali pathandala. Aliyense ankadziwa kuti mng'ono wanga ankaikonda. Ankaitembenuza n'kumaisisita kunsi ndi chala. Ndinadzuka n'kuthawira kumtsinje. Zotsala za pepalalo sindinazimve.

Pobwera ndinapeza amalume akutsiriza kulankhula. "Pepala silichiza mwana. Ndakupatsani mpaka tidzadye mondokwa. Zikakanika, mwanayo ndimutenga ine."

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkadyera pachivundikiro cha poto. Phala linkatayikira m'mbali n'kundiwotcha zala. Mng'ono wanga ankakhala pamphasa yake, pakona yake ya khonde, ndi mbale yanga. Amayi ankagwada patsogolo pake, mawu ofewa ngati akunyengerera nkhuku yogonera mazira. "Mbale." N'kudikira. "Phala." N'kudikira. "Madzi." Inenso ankandiuza mawu ochepa, musaganize kuti ayi. "Iwe, nkhuni." "Iwe, mbuzi za eni zalowa m'munda." Koma kwa ine kudikira kunalibe.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mwana wa zaka khumi kuchitira nsanje wodwala, manyazi alibe? Ndinalibe. Ndipo amene sanadyerepo pachivundikiro akhale chete.

Chinanso chinkandinyansa chinali cha Loweruka. Mng'ono wanga akangomaliza phala n'kupita ku njere zake, amalume ali chapafupi kusema mipini, amayi ankati, "Iwe, tiye." Tinkapita ku kamsika ka pamsewu wa ku Mandimba kukasinthitsa bowa wouma ndi mchere. Ankandisenzetsa kamtolo ka bowako. Kamtolo kake kopepuka, koti akanangokamanga pansonga ya chitenje. Panjira ankandifunsa mafunso opanda mutu. "Kodi madzi pa Chipwitikizi amati chiyani? Nanga mbuzi?" Ine kuyankha ndi mphuno. Pobwerera ankandipatsa kachidutswa ka nzimbe, n'kunena kuti tikhale kaye pansi pa mtengo wa mkuyu, iwo osadya, kumangondiyang'ana. Mumtima ndinkati, amenewa ndiye malipiro a bulu. Tikapuma pang'ono ankayang'ana dzuwa n'kudzambatuka, kuti nthawi ya chakudya cha mng'ono wanga isapitirire. Ndiye ndinkati, mwaona, ngakhale pano ali ndi iye.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Chimanga chinafika m'chiuno, kenako m'mapewa. Mng'ono wanga anachepetsa kumenyetsa mutu. Ndiye tsiku lina masana, amayi akusadzula masamba a maungu pakhonde, iye anadzuka yekha pa njere zake, n'kukatenga mbale ija pathandala, n'kudzaiika pamiyendo pawo. Sanawayang'ane. Anangoiika n'kuima.

Amayi anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu, n'kukumbuka kuti phokoso limamupweteka, ndiye anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Misozi inkadutsa pazala. "Wapempha," anatero monong'ona. "Mwana wanga wapempha."

Sabata yomweyo ine ndinali nditawerenga manambala pa Chipwitikizi mpaka makumi asanu, pamaso pa kalasi yonse, m'sukulu yathu yopanda denga, aphunzitsi mpaka kundigwira chanza. Nditawauza amayi anati, "Wachita bwino," maso ali kukhonde. Mawa lake aphunzitsi anabweranso kwathu. Ndinathamangira kukawalandira chikwama, ndikuti abwera kudzanena za manambala anga. Anabwera kudzaona mwana akunyamula mbale.

M'mawa wotsatira, amayi atapita kuchitsime, ndinatenga mbale yanga. Ndinapita kuseri kwa chigafa cha fodya chimene amalume ankamanga, pachulu chachikulu cha katondo, n'kukumba ndi kakhasu, n'kuikwirira, n'kupondaponda. Sindinaone ngati ndaba. Munthu amaba chake?

Masana mng'ono wanga anapita pathandala. Anafufuza. Anazungulira nyumba. Anabwereranso pathandala. Kenako anayamba kukuwa, kukuwa kwa mtundu wina kumene sindinakumvepo. Amayi anagwetsa chilichonse m'nyumba, kuyang'ana m'udzu, kutsikira mpaka kumtsinje. Anamuikira chakudya m'mbale ina, anaikankha. M'chikho, anachitaya. Tsiku lachiwiri amayi anayenda mudzi wonse mpaka anabwereka mbale ina yabuluu, yofanana ndendende, yochokera kukampu komweko. Iye anailandira, n'kuitembenuza, n'kuyendetsa chala kunsi kwake. Kunali kosalala. Anaiponya kutali.

Ndinaona ndi maso angawa, ndipo ndinadziwa chimene chalacho chinkafuna. Chinkafuna chilembo changa chija. Ndiye mukuganiza kuti mtima unafewa? Ayi. Ndinakondwa. Ndinati, eya, ngakhale iyeyo akudziwa mwini wake.

Amayi anandifunsa kamodzi kokha. "Iwe, sunaione?" Ndinati ayi, ndikuwayang'ana m'maso.

Tsiku lachitatu milomo yake inauma n'kung'ambika. Ankangomwa madzi pang'ono m'manja mwa amayi. Pachipumi panali chilonda cha kumenyetsa pansi. Amalume anaima pabwalo, mpini m'manja. "Mwaliona pepala lanu? Mwana afe chifukwa cha mbale? Dotolo wanuyo adzabwera kudzakumba manda?" Amayi anati mondokwa sitinadye, nthawi sinakwane. Amalume anati maliro sadikira chimanga.

Pamenepo ndikanangonena mawu atatu. Ili pachulu paja. Chulucho chinkaoneka tili pabwalo pomwepo. Koma ndinkaopa chikoti cha amalume, ndiponso, ndinene zoona popeza ndakula, ndinkafuna kuti pepala lija ligonje.

Tsiku lachinayi m'mawa amalume anamukweza panjinga, ulendo wa kwa sing'anga. Iye njinga ankaiopa, ndiye amalume anamumanga manja ndi luzi kuti asadumphe. Amayi ankathamanga pambuyo, chitenje chikumasuka. Kukuwa kwake ndinakumva mpaka atawoloka dambo.

Pakhomo patangoti zii, ndinathamangira pachulu. Ndinakumba ndi manja. Chiswe chinali chitamanga kale tinjira take m'kati mwa mbale. Ndinakaitsuka kumtsinje ndi mchenga n'kudzaiika pathandala, pamalo pake, ngati sinachokepo.

Anabwera dzuwa litapendeka. Mng'ono wanga anali atatemedwa mphini m'mbali mwa mutu, pachifuwa ndi pamsana, atapakidwa mankhwala akuda onunkha utsi. M'manja munali mizere ya luzi. Mawu anali atatha, ankangotsegula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Atamutsitsa anadzandira, n'kuona thandala. Anapita, n'kutenga mbale, n'kuitembenuza. Chala chinapeza chilembo. Amayi anathiramo phala lozizira la m'mawa, iye n'kudya lonse.

Amalume anawomba m'manja. "Mwaona? Mphini zagwira ntchito!"

Anapita nazo kumanda zimenezo amalume. Zaka zonse ankauza anthu kuti mwana wa mlongo wawo anapulumuka ndi mphini, ndipo ndikudziwa ana awiri m'mudzi mwathu amene anakatemedwa chifukwa cha umboni umenewo. Umboni wake ndinapereka ndine. Ndikamva munthu lero akunena kuti mwana wotere anamulodza, ndimafuna kumugwira pakhosi, koma ndimadziwa kuti khosi loyamba kuligwira ndi langa.

Mwana atamaliza kudya, amayi anatola mbale ija kuti akatsuke. Anaima. M'mphepete mwake, mopindika muja, munatsalira katondo wofiira. Pakhomo pathu dothi linali lakuda, katondo anali pachulu pokha. Anakanda ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chikhadabocho, n'kundiyang'ana ine. Ndinakonzeka. Ndinkafuna andimenye. Ndinkafuna andigwire ndi manja awiri, andikalipire mpaka madzulo, ine ndekha. Sanatero. Anapita kukatsuka mbale. Ndipo ine, chitsiru, ndinati ngakhale chikoti andimana.

Loweruka lotsatira anati, "Iwe, tiye." Ndinasenza kamtolo.

Mng'ono wanga sanaikenso mbale pamiyendo pa amayi mpaka titakolola. Anachita kuyambiranso pachiyambi, mbale, phala, madzi.

Lero amakhala ndi ine ku Mandimba, komwe ndimakonza njinga. Mawu ake sakwana zala za manja awiri, koma masipoko amandandalika kuposa munthu aliyense, bola belu lisalire pafupi. Ndimamumeta ndine, chifukwa wina salola. Lumo likamadutsa m'mbali mwa mutu, zipsera zija zimatuluka, zisanu uku, zisanu uku. Ndimaziwerenga mwezi uliwonse.

Amayi atamwalira tinapeza chitini cha mkaka chija pansi pa zovala zawo, pepala lili momwemo, litasanduka lachikasu, lothothoka m'mopinda. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, Chipwitikizi changa ndi cha pamsika. Ndinapatsa mwana wanga wamkazi kuti andiwerengere. Anawerenga zonse zimene ndinkazikumbuka, mpaka pa mbale imodzimodzi. Ndinati basi, zathera pomwepo. Iye anati, "Ayi bambo, pali mzere wina pansi." Akuti ana enawo musawaiwale. Sabata iliyonse pezani nthawi, ngakhale yochepa, yokhala ndi aliyense payekha.

Ndinamulanda pepalalo ngati ndingathe kuliwerenga.

Aphunzitsi anawerenga mzere umenewo ine ndili kumtsinje, ndikuponya miyala m'madzi. Amayi anaumva kamodzi kokha, m'chinenero chochita kumasulira, ndipo anausunga Loweruka lililonse, ngakhale Loweruka lija ataona katondo pachikhadabo. Bowa uja sankasowa womusenza. Dzina la mbuzi pa Chipwitikizi amayi analibe nalo ntchito.

Koma kamnyamata kaja sikankadziwa. Kankangokhala pansi pa mkuyu, katafulatira amayi ake, kakutafuna nzimbe n'kumalavula makoko patali, kakudikira kuti aiwale kuyang'ana dzuwa ngakhale kamodzi.