Fulasiki Imene Apongozi Anga Anayendetsa

Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kutaya apongozi abwino chifukwa cha liwu limodzi lomwe ndinakana kulimvetsa. Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa.

Pa Khirisimasi ina ndinapita ku Chichiri kukagula fulasiki yofiira yoti ndipatse apongozi anga aakazi, omwe tinkakhala nawo moyandikana ku Chilobwe. Potsika minibasi, fulasikiyo inagunda chitseko n'kukalika pachivindikiro, koma anailandira ndi manja awiri. Pasanapite nthawi ndinaiona ili m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinapita kukawafunsa.

"Mwana wanga, sindinataye ayi. Ndayendetsa," anatero apongoziwo.

Anafotokoza kuti munthu amataya chimene wanyansidwa nacho, pamene kuyendetsa n'kupititsa mphatso imene ikungokhala kwa amene akuisowa lero. Iwo tiyi ankamwa wongophula pamoto, koma mayi uja anali ndi wodwala kuchipatala.

Ine ndinati chimenecho n'chipongwe chovala suti. Ndinasiya kuponda pakhomo pawo, moni ndinkachita kuumira. Nditakhala woyembekezera ndinalumbira pamaso pa mwamuna wanga kuti mayi ake asadzayerekeze kundidikirira kuchipatala.

Ndinachira mwa opaleshoni pachipatala chachikulu cha pa Ginnery Corner. Mayi anga anali kutali kumudzi, bambo a mwana ali kuntchito. Kutacha, njala itandipotokola, mayi wina yemwe sindinkamudziwa anandibweretsera phala lotentha. Nditayang'ana, fulasiki yofiira, chivindikiro chokalika! Mayiyo anati yazungulira mabanja ambiri a kutchalitchi, ndipo aliyense wodwala wake akatuluka amaiyendetsa. Anati amene anaphika phalalo ali panja pa wodi, akuopa kulowa chifukwa cha mawu anga.

Ndinapempha kuti awaitane. Apongozi anga analowa mwakachetechete, n'kunyamula mdzukulu wawo, osandikumbutsa kanthu.

"Mwaona, amake mwana? Yayenda, yafika kwa mwini wake."

Ndinalira ngati mwana, phala lili m'kamwa. Mayi wamtima ngati umenewu sindinamuonepo.

Inu owerenga, mukaona mphatso yanu ili m'manja mwa wina, musathamangire kutupa ngati ine. Yambani mwafunsa ngati yatayidwa kapena yayendetsedwa, pakuti kupatsa n'kuika. Tsiku lomwe tinatuluka m'chipatala ndinaitsuka ndekha fulasiki ija, n'kuisiyira mtsikana wa pabedi loyandikana nane, yemwe panalibe womubweretsera phala.