Mzere Umene Ndinakhotetsa

Chaka chimene tinavotera nyali pa referendamu, mkulu wanga anamwalira ndi chotupa cha m'bere, nasiya khanda lachitsikana la miyezi isanu. Kwathu ku Misuku nkhani yotere sinkagonera. Makolo anakhala pansi, ndipo ine mng'ono wake ndinapatsidwa nyumba, mwamuna ndi mwana yemwe. Sanandifunse n'komwe. Mwamunayo ndinachita kumuzolowera ngati nsapato yothina, koma mwanayo ndinamukonda tsiku lomwelo. Tinapangana kuti asadzauzidwe. Anakula akudziwa kuti manda a kuseri kwa nthochi ndi a amayi ake aakulu, basi. Ine wanga wobereka ndekha sindinakhale naye.

Mtsikanayo anali ndi mutu. Sukulu inamutengera kutali, mpaka anapeza ntchito imene ndimalephera kufotokozera anzanga a kumpingo. Akuti odwala khansa amapereka magazi, makina amawerenga zimene anatengera kwa makolo, ndiye iye amalamula kompyuta kuti ifufuze pamene mabanja akufanana. Ndinkamuseka kuti dokotala wanji wosagwira jakisoni.

Chaka china anabwera nthawi yothyola khofi. Anandipeza ndikutembenuza khofi pathandala, n'kutsegula laputopu yake pomwepo.

"Amama, mundiuze mtundu wathu wonse. Anabereka ndani, anamwalira ndi chiyani."

Zimenezo ndiye ndimazidziwa kuposa m'busa. Ndinayamba kutchula, iye akujambula: amuna timabokosi, akazi timabwalo, timizere tolumikiza kholo ndi mwana. Titafika pa mkulu wanga, kabwalo kake anakadetsa bii. Kenaka anakoka mzere kuchoka pa kabwalo kanga kutsikira pa ka iye mwini. Ndinauona, ndipo ndinangoti, "Eya."

Kompyuta inaganiza pang'ono. Iye anawerenga, n'kupuma.

"Ndagha, zikomo Amama. Sizoopsa kwambiri. Akanakhala kuti malemu aja ndi amene anandibereka, poti anadwala ali aang'ono chotero, bwenzi ndikuthamangira kukapimidwa chaka chomwe chino. Koma poti ndi amama aakulu, ndipo inu muli bwinobwino, ndikhoza kudikira."

Ndinakwiya ndi makinawo, kachinthu kopanda mano kakudzandiyalutsa pabwalo panga. Koma kanalakwa chiyani? Kanangodya zimene ndinakapatsa. Mkulu wanga nayenso anadikira, akumati n'chithupsa, mpaka anamunyamula pamachira kutsika phiri. Ndinachita mantha aakulu, ndipo anali awiri: kuti mwanayu akadziwa adzaleka kunditchula amama, ndiponso kuti akapanda kudziwa ndidzamunyamula pamachira omwewo.

Ndinapukuta manja pachitenje, ndinaloza pagalasi.

"Iwe, mzere uwu ndaukhotetsa ndine. Uchotse apa, uulumikize pa kakuda aka."

Sanafunse kuti chifukwa chiyani, pakuti ndi mwana wa kuno, mwambowo amaudziwa. Anasuntha chala. Mzere unachoka. Kabwalo kanga kanatsala kokhakokha pambali, kopanda kanthu pansi pake. Zaka zonse zija za phala, malungo ndi yunifolomu, pagalasipo panalibe malo ake.

Anawerenganso zimene kompyuta inalemba.

"Ndikangobwerera ndikapimitsa," anatero motsitsa mawu.

Mitambo inali itatsika kale paphiri, madontho n'kuyamba kugwa pathandala. Anatseka laputopu, naiponya m'chikwama, n'kugwira nsonga ya pulasitiki yofunditsira.

"Amama, gwirani uko. Khofi anyowa."