Mtima wa a Makiyi

A Makiyi amakonza mafoni pakhonde la sitolo ya nsapato, patebulo lodzaza timawaya, mabatire otupa ndi magalasi osweka. Dzinali analipeza chifukwa cha luso limodzi: ukaiwala pasiwedi, iwo amatsegula. Foni yodula kapena yotchipa, m'manja mwawo imagonja.

Ndiye madokotala atawaika kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa koti kaziwongolera kugunda kwa mtima, mtendere unawathawa. Anawapatsanso kabokosi koika pambali pa bedi, komvera kachipangizoko n'kumatumiza uthenga kuchipatala. Wina akanathokoza. Iwo anangogwira mfundo imodzi: kamalankhula popanda waya. Ndipo cholankhula popanda waya, munthu wina akhoza kuchiyankha.

M'basi amayang'ana mokayikira aliyense wodinadina foni. Kasitomala akatsegula laputopu pafupi, amasuntha mpando. Kabokosi kaja anakazula n'kukatsekera m'chitini cha mabisiketi, monga amachitira ndi foni yomwe safuna kuti igwire netiweki.

"Abambo, chitini changa chosungiramo ulusi chija?" anafunsa akazi awo.

"Chili pa ntchito."

Alamu awo oyendetsa takisi anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mbava zisiye mabanki zidzathyole mtima wanu? Zipezamo chiyani? Mpira ndi achemwali angawa basi!"

A Makiyi sanaseke. Alamuwo sanaonepo loko akugonja.

Kenaka namwino wa kuchipatala cha mtima anaimba kuti kabokosi kangoti zii, abwere. Anapita, chitini chili m'khwapa.

"Uthenga wake umatuluka utasokonezedwa, bambo," anatero namwinoyo. "Kiyi woumasulira ali m'kachipangizomo ndi m'makina athu basi. Lamulo lobwera popanda kiyiyo sikalimvera."

"Opanga mafoni amateronso, mayi. Ine ndimadyera bodza lomwelo."

"Ndiye kayeseni nokha. Kumvetsera kokha, musakatumize kanthu. Koma mudziwe kuti kabokosi kakakhala m'chitini, mtima wanu ukayamba kulumpha, ife sitimva."

Mawa lake makasitomala onse anawabweza. Analumikiza kabokosi pasokete ya patebulo, nalumikiza kamlongoti ku laputopu, natchera khutu kwa chifuwa chawo chomwe. Pagalasi panabwera zilembo zobalalika ngati nyerere zopondedwa. Anayesa pulogalamu iyi, anayesa iyo, ngakhale ija amasungira mafoni amakani. Nyerere zokhazokha. Thukuta linali kamukamu, wogulitsa nsapato akusuzumira pazenera.

"Lero mwakumana nayo yokana, bwana?"

"Samalani nsapato zanu."

Anafika kunyumba atakwinya nkhope. Kukondwa kumakanika, chifukwa aka kanali koyamba loko kuwakana. Ndipo kulephera kwawo sikunatanthauze kuti kulibe wina wochenjera kuwaposa. Anaima m'chipinda nthawi yaitali, pulagi ya kabokosi kaja ili m'manja, akuyeza mantha awiri: munthu wosamudziwa amene mwina angamve, ndi namwino amene ndithu sangamve. Anailowetsa. Kanyale kobiriwira kanayaka.

Sabata isanathe, foni inalira ali pakati pomasula timasikuluwu. Anali namwino uja.

"Takumvani, bambo. Mtima wanu ukulumpha pang'ono, sizoopsa, koma mubwere mawa tidzakonze."

A Makiyi anagwira pachifuwa.

"Ndibwera. Koma mayi, makina anu osunga kiyiwo, pasiwedi yake amaidziwa ndi angati?"