Kuperekeza apongozi kukayezetsa mkodzo Lamlungu

Tinanyamuka ku Zingalume Lamlungu m'mawa, belu loyamba la kutchalitchi likulira. Chinali chaka chotsatira chilala chachikulu chija. Amuna anga anali ku Chipata kokagulitsa fodya, choncho ntchito yoperekeza bambo awo kuchipatala inagwera ine, mtengwa.

Apongozi angawo, a Mbewe, anali atawonda ngati bango. Madzi ankamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe, ndipo dzulo lake anagwa pakhonde maso atachita chidima. Iwo ankati matendawo awaponyera ndi mng'ono wawo chifukwa cha mkangano wa dimba, moti abale awiriwa anali atasiya kupatsana moni.

Ngolo tinabwereka ya a Sakala, oyandikana nafe, pa mtengo wa chitini cha mtedza wosaswa, ndipo ankayendetsa ndi eniakewo. Ine ndinakhala kumbuyo kuyang'ana kumene tachokera, apongozi kutsogolo, misana itapenyana monga mwa ulemu. Mawu onse ankadzera mwa a Sakala.

Tisanadutse ndi minda ya m'mudzi yomwe, ndinamva: "A Sakala, imitsani. Mtengo uwo ngati muli njuchi."

Apongozi anatsika, nazimirira kuseri kwa mtengowo. Titayenda pang'ono, anafuna kukaona msampha wa mnzawo. Kenako chulu china chinawakumbutsa bowa, mwezi wa Ogasiti! Ine ndinkangoyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Ng'ombe nazo zinazolowera, zinayamba kuima zokha pa chitsamba chilichonse chachikulu.

Padambo tinapeza mayi wina akugulitsa nzimbe.

"Agogowa afooka," anatero mayiyo. "Agulireni iyi, imawonjezera magazi."

Ndinagula yaitali, ndikudzitama mumtima kuti ndine mtengwa wosamala. Apongozi anaitafuna yonse, koma titachoka apo anayamba kuwodzera, mutu ukugunda thabwa la ngolo. A Sakala anasiya nthabwala n'kukwapula ng'ombe.

Dzuwa litapendeka tinafika pa kakiliniki ka m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza. Pachitseko panali loko. Mwamwayi anesi ankakhala kuseri komweko, ndipo tinawapeza akungofika kuchokera kutchalitchi, buku la nyimbo lili kukhwapa. Atamva za ludzu ndi maimaima a m'njira, anatsekula msanga.

"Makina oyezera magazi ali kuboma," anatero, "koma ndili ndi timapepala. Bambo, tengani kakapu aka mupite kuseri."

Apa ndiye panali nkhani. Munthu amene anathirira tchire lonse kuchokera ku Zingalume, tsopano kunauma gwa! Tinadikira, anesi akuwamwetsa madzi, a Sakala akuimba mluzu monga amachitira pomwetsa ng'ombe. Potsiriza kakapu kanabwera, katavundikiridwa ndi chipewa kuti ine ndisakaone.

Anesi anaviika kapepala kokhala ndi nsonga yobiriwira ngati thambo. Tisanapume kangapo, nsongayo inasanduka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Ndi shuga, ndipo wakwera kwambiri. Adya chiyani lero?"

A Sakala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Kapepala kangadziwe chiyani za m'thupi mwa munthu?" anatero apongozi. "Kamada ndi aliyense kameneko. Ayeseni a Sakala tione."

Anesi anadandaula kuti timapepala tatsala tochepa, komabe anatenga sizasi n'kung'amba kamodzi pakati. A Sakala anapita kuseri akuseka, koma pobwerera nkhope inali itagwa ngati akulowa m'khoti. Kawo kanakhalabe kobiriwira. Apongozi anaika timapepala tiwirito pachikhatho, natiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti si Yohane," anatero motsitsa mawu, kutchula mng'ono wawo uja.

Anesi anatiuza kuti tisagone, tipite kuboma ku Chadiza tsiku lomwelo, ndipo m'njira amwe madzi okhaokha. Anaimitsa okha vaneti yonyamula thonje. Dalaivala anafuna makwacha mazana asanu pa munthu, koma ataona odwalawo anawaika kutsogolo, ine pamwamba pa mabelo. A Sakala anabwerera ndi ngolo, atatumidwa kukauza a Yohane kuti akulu awo akuwafuna.

Tinalowa m'Chadiza dzuwa likulowa, ine nditayera mbuu ndi fumbi. Adokotala anati tikanachedwa, bwenzi tikukamba zina. A Yohane anafika pa njinga m'kati mwa sabata, ndipo ndinawapeza awiriwo akukangana kale za amene ankathamanga kwambiri ali anyamata.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti matenda ena sachita kufuna makina a kuboma kuti adziwike, bola pakhale munthu wovomera kukutsekulirani chitseko pa tsiku lake lopuma. Apongozi anakhala ndi moyo mpaka kunyamula zidzukulu, akubayitsa jakisoni ndi kumwa tiyi wopanda shuga, amene mpaka tsiku lawo lomaliza ankamutcha madzi otsukira mbale.