Bondo la Achimwene Fausitino

Ndikukumbukira chaka chimene nkhondo inayandikira ku Furancungo, ine ndili kamtsikana ka kalasi yachitatu. Achimwene anga a Fausitino ankasewera mpira kumbuyo m'timu yakwathu, opanda nsapato, pa kampu, bwalo lafumbi kuseri kwa msika. Tsiku lina kunabwera azibambo awiri a timu ya fabirika, fakitale ya ku Tete. Ankafuna mnyamata mmodzi, ndipo maso awo anali pa achimwene ndi mnzawo Jeremiyasi. Wosankhidwayo akapatsidwa ntchito ndi kanyumba m'tauni, kutali ndi mfuti. Achimwene anali atandilonjeza kuti akapita adzanditenga, ndikapitirize eskola.

M'mawa wa tsiku la jogo, mpira umene azibambowo anabwera kudzaonera, ndinawagwira mkono achimwene.

"Achimwene, lero musathamange kwambiri. Sungani miyendo, anthu aja akuonani kale."

Anaseka n'kundikoka khutu. "Iwe Rozinya, ndiime ngati chitsa anzanga akukhetsa thukuta? Malaya a timu ino sindinavule ayi."

Jeremiyasi ndiye anasunga yake. Ankangodikira mpira kutsogolo, akaona mwendo ukubwera n'kudumpha ngati waponda khala. Chigoli chathu anagoletsa ndi iyeyo, mpira wochita kumuikira paphazi. Achimwene ankadzigwetsa paliponse, fumbi mpaka m'mano. Chakumapeto, mdani atatsala yekha ndi wapagolo wathu, achimwene anadziponya kumapazi ake. Mpira unatuluka kunja, koma bondo lawo linalira ngati nkhuni youma. Anthu ankavina kuti tapambana, ine ndikumva kubuula.

Azibambo aja sanabwere n'komwe kudzazonda wovulala. Anakwera koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali, Jeremiyasi ali pakati pawo.

Mvula isanagwe mudzi wathu unawotchedwa, tinathawira ku Malawi kudzera m'mapiri. Achimwene ankatsalira m'mbuyo ndi ndodo yawo, mpaka anauza amayi kuti, "Tsogolani ndi anawa, ndikupezani."

Sanatipeze.

Mulungu wandisunga, wandipatsa ana ndi munda wa mbatatesi, sindingasiye kuthokoza. Mwana wanga woyamba nayenso amasewera, ndipo akuti matimu ena akumufuna. Atandifunsa maganizo, ndinamuuza kuti asanamize anzake, asewere ndi mtima wonse. Ndazindikira kuti achimwene sanalakwe. Ndazindikiranso kuti pansi pano kusalakwa sikupulumutsa munthu. Mwanayo ndimamupempherera, bondo lililonse palokha, koma kukamuonera sindipita.