Tsiku Limene Anatsegulanso Paki

Bambo anga anasamala paki ya pa boma kuyambira ndisanabadwe mpaka maondo atayamba kuwakanika. Sinali paki yaikulu. Ukalowa pa geti la kumsika, unkatsata kanjira ka miyala pakati pa kapinga, kudutsa mabedi a marozi ndi mabenchi achitsulo, n'kukatulukira kuseri kwa maofesi. Pakati penipeni panali mkuyu waukulu, ndipo m'mphepete monse munali mpanda wa mikungudza umene bambo ankaumeta ndi chisizasi mpaka pamwamba pake kusalala ngati tebulo.

Kwathu ndi ku Kasina, koma ntchitoyi inatikhazika pa boma, m'munsi mwa phiri. Bambo ankapita kuntchito nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Nyengo ya chisanu ankafunditsa mbande ndi udzu, manja awo n'kung'ambikang'ambika mpaka kutuluka magazi. Maukwati ambiri a pa boma ankajambulitsa zithunzi m'maluwa awowo, wanganso womwe.

Mbiri ya malowo bambo ankaidziwa chifukwa inali ya pabanja pathu. Amene anasenza pamutu miyala ya kanjira kaja ndi bambo awo, agogo anga, kuchokera nayo kuphiri, nthawi ya atsamunda, pamene dona wina, mkazi wa bwana wachizungu, anafuna munda wonga wa kwawo. Agogowo anakumba mabedi, anakwirira miyendo ya mabenchi, koma mpaka kufa sanakhalepo pa benchi ngakhale imodzi. Munthu wakuda ankalowamo ndi khasu basi. Mkuyu uja ndiwo unali wakale kuposa zonse. Anthu a mudzi umene unasamutsidwa pamalopo ankathira nsembe patsinde pake mvula ikavuta. Dona uja atalamula kuti udulidwe, antchito onse anatula nkhwangwa pansi, mpaka iye anagonja.

Bambo atapuma ntchito, boma silinalembenso wina. Mbuzi zinalowa, anthu anaboola mpanda kuti azidutsa chidule, mabenchi anazulidwa imodziimodzi. Bambo ankapitabe ndi ndodo yawo Loweruka lililonse kukadulira marozi otsala, popanda wowatuma.

Kenaka tinamva kuti bungwe lina likufuna kukonzanso paki, ati ndi malo osunga mbiri. Tsiku lina kunyumba kunabwera mayi wina wa bungwelo, atanyamula kope ndi foni. Bambo anavala jekete ngati akupita ku Misa.

"Agogo, atiuza kuti palibe wodziwa malo aja kuposa inu," anatero mayiyo.

"Sananame," bambo anayankha. "Khalani pansi, nkhani yake ndi yaitali."

Anayankhula kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Anajambula paki yonse pa dothi ndi ndodo, bedi lililonse pamalo pake. Mayi uja anajambula mawu awo pa foni. Potsanzika anawagwira dzanja ndi manja awiri, nati tsiku lotsegulira adzakhala kutsogolo.

A bungwe aja anatchinga malowo ndi malata kwa miyezi yambiri. Bambo ankangomva phokoso la makina, n'kumadzilimbitsa mtima kuti anthu ophunzira sangawononge chinthu chimene abwera kudzasunga.

Tsiku lotsegulira tinalimvera kwa anthu kumsika. Ndinatseka kashopu kanga kosoka zovala n'kukatenga bambo. Tinapeza mpanda wachitsulo wopentedwa, matenti, ndi galimoto zitandanda mpaka kumsewu. Pa geti panaima mlonda wa yunifolomu.

"Khadi lanu lili kuti, madala?"

"Khadi lanji?"

"Loitanira. Lero ndi la oitanidwa okha."

Ndinamufotokozera kuti awa ndi amene anasamala paki moyo wawo wonse, kuti anatilonjeza malo. Mlondayo sanali munthu wamwano. Anati akumva, koma akatilowetsa ntchito imuthera. Ndinapempha kuti aitane mayi uja, iye anati sangachoke pa geti.

Tinaima panja pamodzi ndi ogulitsa mbatata yokazinga, n'kumamvera zoyankhula pa chimkuzamawu. Oyankhulawo, wina pambuyo pa mnzake, ankati mtundu wosadziwa kumene ukuchokera ndi wotayika. Bambo sankamvetsera. Anagwira zitsulo za mpanda, akusuzumira mkati.

"Maso angawa andinamiza kapena?" anandifunsa. "Mkuyu ukuuona iwe?"

Ndinali nditaona kale, koma ndinkasowa poyambira. Pamene panali mkuyu anamangapo nsanja ya simenti yofolera ndi malata obiriwira, ndipo akuluakulu anakhala pamenepo. Kanjira ka miyala anakakuta ndi matailosi.

"Palibe, bambo."

Anayang'anitsitsa nsanja ija. Manja awo sanachoke pa zitsulo paja.

Alendo atadya n'kubalalika, geti linatsegulidwa kwa aliyense. Pafupi ndi khomo anaikapo chikwangwani chachikulu cha mbiri ya paki, ndipo bambo anandiuza kuti ndiwawerengere. Panali dzina la dona uja, chithunzi chake atavala chipewa, ndi nkhani ya mbewu zimene anaitanitsa kutsidya kwa nyanja. Mzere womaliza unkati anthu a m'deralo anathandizapo pa ntchitoyo. Ndinawerenga mpaka pamenepo n'kusiya.

"Pitiriza," anatero.

"Zathera pomwepa."

Mayi wa bungwe uja anationa ali pafupi kukwera galimoto, ndipo anabwera akumwetulira. Anapepesa za khadi, ati panali chisokonezo. Ine ndinamufunsa za chikwangwani, mawu anga akukwera. Anati analemba zonse, koma malo anachepa, ndipo amene anapereka thandizo ndiwo anasankha zolembapo. Za mkuyu anati akatswiri anaona kuti mizu yake idzaswa simenti.

Bambo anangofunsa chinthu chimodzi.

"Mwana wanga, nkhuni zake zinapita kuti?"

Mayiyo sankadziwa. Ine ndinadzamva pambuyo pake kuti zinakaotchera njerwa, koma sindinawauze.

Kuyambira tsiku limenelo bambo sanapondemonso m'paki. Tikamapita kuchipatala ankandiuza kuti tizungulire njira ya kumsika, ngakhale inali yaitali kwa maondo awo. Chisizasi chija anapatsa mlamu wawo wa ku Mayani, amene amametera nacho mpanda wa pa tchalitchi. Bambo anamwalira nyengo ya chisanu yotsatira, ndipo tinakawaika kwathu ku Kasina.

Maliro atatha ndinafunafuna mayi uja mpaka ndinamupeza pa foni. Sindinafune kukangana naye. Ndinangopempha mawu a bambo aja, kuti ana anga adzamve agogo awo akufotokoza okha. Iye anati foni imeneyo inawonongeka kalekale, ndipo kope linatsala ku ofesi imene anachokako.

Choncho zimene ndalemba pano ndi zokhazo zimene mutu wanga unagwira. Mayina a maluwa aja, dzina la mudzi unasamutsidwa uja, mayina a amuna amene anakana kudula mkuyu, zonsezo bambo anazitchula masana amene aja, limodzilimodzi. Ine sindinazimve. Ndinali kukhitchini, kukazinga mazira ndi kuwiritsa tiyi kuti mlendo asachoke ndi njala.